Kumata kapena kugula lina: tayala la lole yatsopano likabooka ku Nyimba

Chimanga chikauma, malole a ku Nyimba sakhalitsa pa tala. Amapatuka mu Great East Road n'kulowa m'misewu ya fumbi ya ku Chipembe, ku Vizimumba, ku Hofmeyr, ena mpaka kutsikira kwa mfumu Luembe ndi kwa Nyalugwe, kukatenga matumba a chimanga, mtedza ndi mpendadzuwa. Kumene msewu wathera, dalaivala amatsata kanjira ka ngolo kodutsa m'minda, ndipo m'menemo muli zitsa zosongoka zimene moto unasiya, misomali yogwa m'mangolo, mawaya a mipanda ndi miyala yakuthwa ya m'makhwawa. Pa tala palinso zake: mabawuti ndi tizitsulo togwa m'malole a maulendo ataliatali opita ku Chipata, ku Mwami ndi ku Chanida. N'chifukwa chake sizidabwitsa kuona lole imene yangofika kumene, mapulasitiki akadali pa mipando, itabooka tayala mwezi woyamba womwe.

Zikatero nkhani imakambidwa pa foni. Dalaivala amaimbira mwini galimoto, amene mwina ali ku Petauke kapena ku Lusaka: "Abwana, lakumbuyo laphwa, tapezamo bawuti." Eni malole ali pawiri. Ena amati, "Kamatitseni msanga, katundu afike lero." Ena, makamaka amene agula lole koyamba, amati, "Galimoto yanga yatsopano isayende ndi chigamba, gulani lina." Woyambayo akuganiza za ngongole, wachiwiriyo akuganiza za ngozi, ndipo onse ali ndi chifukwa chomveka. Koma onse ayankha asanalione tayalalo. Ine ndimaona kuti kugulidwa dzulo kwa lole sikugamula mlanduwu, mtengo wa tayala sukugamulanso. Umagamulidwa ndi malo amene bowo lili, kukula kwake, ndi mtunda umene lole inayenda mpweya utachepa, ndipo zonsezi sizidziwika bwino tayala likadali pa limu.

Matayala ambiri a malole masiku ano ndi a mtundu wa radial, umene kampani ya Michelin ya ku France inalembetsa mu 1946. Pansi pa mano, pamene tayala limaponda msewu, pali malamba angapo a mawaya achitsulo osanjikizana. Malowa ndi okhuthala ndipo sapindika kwenikweni. M'mbali ndi nkhani ina. Pa matayala a malole aakulu, m'mbali mumadutsa msanjo umodzi wokha wa mawaya, ochoka ku mkombero wina kukafika ku wina, okutidwa ndi mphira yopyapyala, ndipo ntchito yake ndi kupindika. Tayala likazungulira kamodzi, mbali imaphwatalala pansi pa katundu n'kuwongokanso. La 315/80R22.5, limene lili pa malole ambiri a m'msewu uno, limazungulira pafupifupi ka 300 pa kilomita imodzi, kotero pa ulendo wochoka pa Nyimba kukafika ku Lusaka, wa makilomita opitirira 300, mbali imeneyi imakhala itapindika ka 90,000 ndi kuposa. Chigamba choikidwa pakati pa popondera chimakhala pamalo odekha. Choikidwa m'mbali chimafinyidwa n'kukokedwa nthawi zonsezo, pamwamba pa mawaya oduka amene palibe guluu angawalumikize.

Malire ake analembedwa kale. Bungwe la opanga matayala ku America, USTMA, ndi muyezo wa ku Britain wa BS AU 159 amagwirizana pa mfundo zikuluzikulu. Bowo lomatika ndi la pa popondera, osati pa phewa kapena m'mbali. Pa magalimoto ang'onoang'ono lisapose mamilimita 6 m'mimba mwake, ndipo pa matayala a malole aakulu amalola mpaka mamilimita 10. Zigamba ziwiri zisagundane. Msomali wamba wa m'nyumba umalowa m'malire amenewa, bawuti yaing'ono nayonso nthawi zambiri. Chitsa sichitero, chifukwa kawirikawiri chimagwira tayala m'mbali pamene dalaivala akukhota m'munda, n'kung'amba m'malo moboola. Zoona, m'mizinda ikuluikulu muli mafakitale amene amakonza mabala ena a m'mbali mwa matayala a malole, pochotsa mawaya oonongeka, kuikapo chigamba chokhala ndi nsinga zake n'kuchiphika pa makina. Imeneyo ndi ntchito ya fakitale. Sichitika ndi hamala ndi solushoni pansi pa mtengo, ngakhale wokonza akhale waluso chotani.

Kumata koyenera kumayamba ndi kuvula tayala pa limu. Wokonza amachotsa kamtima ka valavu kuti mpweya wonse utuluke, amamenya mkombero ndi hamala yolemera mpaka ulekane ndi limu, kenaka n'kuutulutsa pang'onopang'ono ndi zitsulo ziwiri zazitali. Pa tayala lolemera makilogalamu 60 kapena kuposa, imeneyi ndi ntchito ya thukuta. Asanazule msomali amazunguliza choko pamalopo, kunja ndi mkati, ndipo pozula amayang'anitsitsa mmene unalowera, chifukwa msomali wolowa chopendekera ungaoneke uli pakati koma nsonga yake itafika ku phewa. Akatero amalitembenuzira ku dzuwa, amalikanula ndi kamtengo, n'kuyendetsa chikhatho mkati monse, kumva ngati muli potupa, pong'aluka kapena waya wotuluka.

Mkati mukakhala bwino, amayeretsa bowolo ndi kachitsulo kozungulira kuti mawaya oduka achoke. Amapala mopepuka mphira yosalala ya mkati, imene imasunga mpweya pa tayala lopanda chubu, osaipala mpaka kufika pa mawaya. Amachotsa fumbi, amapaka solushoni, n'kudikira kuti iume. Pa kudikira pamenepa ndi pamene ntchito zambiri zimaonongekera, poti dalaivala amakhala ataima pambali akuyang'ana wotchi. Chigamba choyenera ndi chija chooneka ngati bowa, chokhala ndi tsinde ndi chipewa. Tsinde amalilowetsa m'bowo kuchokera mkati n'kulikoka ndi pulayala mpaka litulukire kunja, chipewa n'kugwira mkati. Amachisindikiza ndi kagudumu kuyambira pakati kupita m'mphepete kuti pansi pake pasatsale mpweya, pomaliza n'kudula tsinde lotsala kunja. Tsinde limatsekera madzi kunja, chipewa chimatsekera mpweya mkati, ndipo chimodzi pachokha sichikwanira. Tayala lomatidwa chotere, bowo lili m'malire aja, likhoza kugwira ntchito mpaka mano ake atatha.

Koma kumata kumene ambiri timakudziwa ndi kwina. Tayala likadali pa galimoto, wokonza amazula msomali, amasokosa bowo ndi chisongole, amalowetsamo kachingwe komata, n'kupopa. Mphindi zochepa zakwana, wathira madzi a sopo, thovu silikutumphuka, dalaivala walipira. Kachingweka sindikanyoza. Munthu amene tayala lamuphwera dzuwa likulowa m'mapiri a Kacholola, kamamufikitsa pa boma, ndipo dalaivala aliyense ayenera kuyenda nako. Vuto ndi lakuti kakagwira, palibe amakakumbukiranso. Mvula ikayamba mu Novembala, madzi a m'matope amapeza njira m'mbali mwa kachingwe kukafika pa malamba aja, dzimbiri n'kumayenda pansi pa mano mosaoneka, mphira n'kumalekana ndi chitsulo. Tsiku lina kukutentha, lole ili pa liwiro, mano amasupuka. Choipa china n'chakuti pomata chotere palibe amene wasuzumira mkati. Choncho pa foni paja mwini akati "kamatitseni," ayenera kudziwa kuti walamula kumata kuti, chifukwa kumata kuwiriku kukusiyana kutali kuposa mmene kumata koyenera kukusiyanirana ndi kugula tayala latsopano.

Palinso njira ina yofala, yongoika chubu m'tayala lopangidwa kuti liziyenda lopanda chubu, bowo n'kulisiya lotseguka. Mpweya umasungika ndithu, koma madzi ndi mchenga zimalowabe pa bowolo kukadya mawaya, chubu chimakhulana ndi mkati mwa tayala n'kuonjezera kutentha, ndipo chikadzaphulika mpweya umatha nthawi imodzi. Opanga matayala amakaniza poyera kuti chubu chisalowe m'malo mwa chigamba.

Funso limene ndimaliona lalikulu kuposa onse ndi la mtunda uja umene lole inayenda mpweya utachepa. Ubwino wa tayala lopanda chubu ndi wakuti msomali ukalowa umatsekako bowo lake, mpweya n'kumatuluka pang'onopang'ono, koma ubwino womwewo ndi umene umapusitsa. Kumbuyo kwa lole matayala amakhala awiriawiri, ndipo likafooka lamkati, lakunja limaimikabe galimoto. Dalaivala akhoza kuchoka kwa Luembe mpaka kukwera pa tala osamva kanthu pa chiwongolero. Pa tayala la 315/80R22.5 kawirikawiri pamalembedwa 156/150, kutanthauza kuti likakhala lokha linyamule makilogalamu 4,000, likakhala ndi linzake 3,350. Ngati lole yadzaza mpaka pa malire, limodzi n'kuphwa, lotsalalo limasenza 6,700. Pa kanta ya matayala a 7.50R16 olembedwa 122/118, malire ndi 1,500 ndi 1,320, ndipo tonse tikudziwa kuti kanta ya matani atatu, yoyenera matumba 60, nyengo yokolola ndi eni ake ochepa amene amaiimitsira pa 60. Ndiye kuti tayala limodzi likabooka kumbuyo, oyenera kuonedwa ndi awiri.

Opanga amati tayala la lole limene layenda ndi mpweya wosapitirira magawo 80 pa 100 a muyezo wake litengedwe ngati layenda lophwa, livulidwe, lionedwe mkati. Zizindikiro zake sizivuta kwa munthu amene anazionapo. Mphira ya mkati imachita makwinya kuzungulira mbali yonse, imasintha mtundu, imanunkha kupsa. Pansi pa tayala pamasonkhana ufa wakuda ndi timibulu ta mphira yopekeseka. Kunja kumaoneka mzere wokhulika kuzungulira mbali, mwina ndi timatupa timene chala chimatimva maso asanatione. Wokonza akatapa ufa wakuda umenewu wodzaza chikhatho, nkhani ya kumata yatha pomwepo, bowo likhale laling'ono pakati penipeni, tayala likhale la sabata imodzi, mano akhale osakhudzidwa. Apa ndi pamene mwini lole yatsopano amavutika kuvomereza, chifukwa kunja tayalalo limaoneka ngati la m'sitolo.

Chifukwa chake n'chakuti mawaya a m'mbali akapindikapindika mopyola amatopa, n'kuyamba kuduka mkati mwa mphira. Tayala lotere likamapopedwa kufika pa 8 bar, muyezo wa malole aakulu, mbali imatha kung'ambika kachigawo katali nthawi imodzi, ndipo mphepo yotuluka pamenepo imapha munthu. Amene amakhala pafupi si mwini lole. Ndi mnyamata wa pa shedi yomatira matayala, atagwada, dzanja lili pa valavu, nkhope ili pafupi ndi tayala. Kumene ntchitoyi imatsata malamulo, tayala la lole limapopedwa lili m'khola la zitsulo, ndi paipi yaitali yodzigwira yokha pa valavu, wopopayo ataima patali, osati moyang'anizana ndi mbali ya tayala. Mashedi ambiri a m'mbali mwa misewu yathu alibe khola lotere, komabe paipi yaitali si yodula, ndipo kuima pambali n'kwaulere. Tayala likayamba kulira ngati mkati mukuthetheka zinthu, kupopa kuleke, mpweya uchotsedwe munthu ali patali. Malimu a mphete, amene akadali pa makanta ndi malole ambiri oyendera machubu, amafuna chisamaliro chomwecho, poti mphete yosakhala bwino imauluka. Mwini amene akuumiriza kuti tayala lopsa mkati limatidwe ayenera kudziwa kuti woyamba kukumana nalo ndi mwana wa mnzake.

Tsono ndalama. Mu 2024 bungwe la Food Reserve Agency linkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K330. Tayala limodzi latsopano la lole yaikulu, ngakhale lotsika mtengo la ku China, linkadya matumba opitirira khumi, ndipo la dzina ngati Bridgestone kapena Michelin linkapitirira apo kwambiri. Kumata koyenera kawirikawiri sikufika ngakhale pa thumba limodzi. Fakitale ya Dunlop ya ku Ndola, imene inkapanga matayala m'dziko muno, inaleka kale, kotero matayala a malole amabwera kuchokera kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. Mwini lole yatsopano ndiye munthu amene alibe ndalama zoyala. Ali ndi ngongole ya pamwezi, inshuwalansi, dizilo, zolipira ku bungwe loona za magalimoto la RTSA, ndi za pa geti yolipiritsa ya Alexander Grey Zulu nthawi iliyonse akadutsa pakati pa Nyimba ndi Petauke. Kumuuza kuti ataye tayala chifukwa cha msomali wa mamilimita anayi wolowa pakati pa mano, pamene lole inaima mpweya usanathe, n'kumulanda ndalama popanda kumuonjezera chitetezo chilichonse chooneka.

Ndipo kutsopano kwa tayala kumaimira kumbali ya kumata. Tayala lokutha, lotsala ndi mano ochepa, silipindulitsa kuliika chigamba chabwino. Latsopano lili ndi mano akuya mamilimita 14 kapena kuposa, mawaya ake alibe dzimbiri, mphira yake sinaume, ndipo likamatidwa bwino thunthu lake likhoza kudzavekedwanso mano ku fakitale oyambawo akatha. Amene amathamangira kwa wogulitsa galimoto kuti awapatse tayala lina chifukwa lole ikadali pa chitsimikizo, nthawi zambiri amabwerako chimanjamanja. Chitsimikizo cha tayala chimakhudza zolakwika za ku fakitale, osati msomali, chitsa kapena dzenje la mumsewu. Koma chigamba choikidwa molakwika chingathe kufafaniza ngakhale chitsimikizo chimene chinalipocho.

Kugula nakonso kuli ndi mwayi wake pa lole yatsopano, umene lole yakale ilibe. Matayala awiri oyandikana kumbuyo amayenera kulingana msinkhu, osasiyana kupitirira mamilimita 6. Akasiyana, lalitali limasenza katundu wambiri n'kutentha, lalifupi limakwekwerezeka n'kutha mwachigambagamba. Pa lole imene yayenda zaka ziwiri, tayala latsopano limodzi silingakhale pambali pa lokutha, ndipo mwini amakakamizika kugula awiri. Pa lole ya miyezi iwiri, latsopano limalingana ndi anzake, kotero kugula limodzi n'kokwanira. Chofunika ndi kupeza lofanana nambala zonse za pa mbali paja, kukula, katundu ndi liwiro, komanso mtundu wa mano. La radial lisasakanizidwe pa ekiselo imodzi ndi la mtundu wakale wa nsinga zopingasa, umene ukupezekabe pa 7.50-16, ngakhale onse amalowa pa limu imodzi.

Kutsogolo ndimalimbitsa mtima kwambiri. Kuchoka pa Nyimba kulowera ku Lusaka msewu umakhotakhota m'mapiri a Kacholola, kutsetserekera ku mlatho wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968, n'kukweranso m'mapiri a Manenekela. Chigawo chochokera pa mlathowu kukafika ku Mwami chinakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010 ndi ndalama za European Union, African Development Bank ndi ena, ndipo tala wosalala waonjezera liwiro. Potsetsereka mabuleki amatenthetsa malimu, ndipo mu Okutobala chigwa cha Luangwa chimafika madigiri 40. Tayala lakumbuyo likaphulika pamenepo, linzake limapatsa dalaivala mpata woti aime. Lakutsogolo lilibe linzake, ndipo likaphulika lole imakokera mbali yomweyo, ku phompho kapena ku basi imene ikubwera. Miyezo ya opanga sikaniza kuti tayala lomatidwa bwino libwerere kutsogolo, ndipo m'mashopu okhala ndi zida zonse amatero. Ine ndingalisunthire kumbuyo kapena ku sipeya, kutsogolo n'kuikako losabookapo, chifukwa kumata kwa kwathu kuno, ngakhale kwa wokonza wosamala, kumachitika pa fumbi ndi zigamba zimene sitidziwa zakhala nthawi yotani m'bokosi pa dzuwa. Pa makanta ndi mapikiapu kusinthaku sikuvuta poti matayala onse amafanana. Pa malole aakulu, amene mano a kutsogolo amasiyana ndi a kumbuyo, malo a lomatidwalo ndi pa sipeya kapena pa thirela.

Msampha waukulu wa amene asankha kugula ndi salaula. Munthu amakana chigamba chifukwa choopa ngozi, akamva mtengo wa latsopano amabwerera m'mbuyo, n'kutenga tayala logwirapo kale ntchito limene mano ake akuoneka bwino. Ameneyu wasinthanitsa bala limene akulidziwa ndi mabala amene sakuwadziwa. Tayala lake la miyezi itatu, lomatidwa bwino pakati, n'lodalirika kuposa la salaula limene palibe angamuuze kuti linayenda lophwa kangati. Zaka za tayala zimawerengeka pa mbali pake. Kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT kumakhala manambala anayi, awiri oyamba a sabata, awiri omaliza a chaka, kotero 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Nambala imeneyi aiwerengenso amene agula lole yochokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Kwa iwo ndi yatsopano, koma matayala ake angakhale a zaka zisanu ndi zitatu, a ming'alu ing'onoing'ono m'mbali, mwinanso a mphira yofewa yopangidwira chisanu cha kwawoko. Tayala lotere likabooka, ndalama ya chigamba ndi bwino iyambe kusonkhera latsopano.

Kugula kumafunanso nthawi. Kukula kwina kwa matayala sikupezeka pa Nyimba tsiku lomwelo, ndipo kumafunika kufunsa ku Petauke, makilomita pafupifupi 70 kum'mawa, kapena kuitanitsa ku Lusaka kapena ku Chipata kuti libwere pa basi. Lole ikaima masiku awiri nyengo yonyamula mbewu, ndalama yotayika ingafanane ndi mtengo wa tayala lomwelo, ndipo changu chimenechi ndi chimene chimakankhira anthu ku kachingwe, ku chubu ndi ku salaula. Komatu lole yatsopano ili ndi chinthu chimene chimathetsa changucho: sipeya yake nayonso ndi yatsopano. Ikaikidwa pamalo pa lobookalo, katundu amafika lero lomwe, ndipo lobookalo limatsala pa shedi kuti livulidwe modekha, solushoni iume, kapena latsopano liitanitsidwe. Chovuta chimabwera pamene mwini, poona kuti lole ikuyenda, amaiwala lotsala lija, lole n'kutsikira kwa Nyalugwe yopanda sipeya.

Pali munthu mmodzi yekha amene amadziwa kuti lole inayenda mtunda wotani tayala litafooka, ndipo ndi dalaivala. Ngati mwini ali ndi chizolowezi chodula mtengo wa tayala pa malipiro a dalaivala, sadzamva zoona. Adzauzidwa kuti laphwa pomwepa, tangoima, ndipo wokonza adzapemphedwa chamseri kuti angomata asanene zambiri. Sindikuona kuti dalaivala wotere ndi wabodza mwachibadwa, poti tayala limodzi lingathe kumeza malipiro ake a mwezi wonse, ndipo chitsa cha m'munda sanachiikepo ndi iye. Mwini amene amafuna kusankha bwino pakati pa kumata ndi kugula ayambe wachotsa mantha amenewa, kenaka alankhule ndi wokonza mwiniwake: "Achimwene, mwalivula? Bowo lili pati, ndipo mkati mwapezamo ufa?" Masiku ano chithunzi cha mkati mwa tayala chimafika pa WhatsApp nthawi yomweyo. Wokonza amene anganene kuti, "Ili, abwana, ine sindimata," wataya ndalama yake ya tsikulo, ndipo ameneyo ndi woyenera kumubwerera ndi ntchito zina zonse za lole.

Tayala likakanidwa, lisachoke pa shedi lili lathunthu. Mano ake atsopano amakopa, ndipo likangosiyidwa lidzamatidwa m'mbali, lidzapakidwa polishi, lidzagulitsidwa kwa mwini kanta wina amene sakudziwa mbiri yake, n'kubwerera mu msewu womwewu. Ling'ambidwe m'mbali ndi mpeni mwini akuona. Mphira yake sitayika, poti amapangira nsapato, zingwe zomangira katundu pa njinga ndi zomwera ziweto.

Lomatidwa kapena logulidwa, likabwerera pa lole mpweya uyesedwe ndi geji, chifukwa kompuresa yaing'ono ya pa shedi nthawi zina sifikitsa pa muyezo wa lole yaikulu, ndipo kumenya tayala ndi chitsulo kumangouza munthu kuti laphweratu, osati kuti laperewera. Uyesedwenso m'mawa wotsatira tayala lili lozizira, ndipo ngati watsika, chigamba kapena valavu ikutaya. Manati amakhwefuka gudumu likangoikidwa kumene, kotero amangidwenso lole ikayenda makilomita 50 mpaka 100. Kwa wopita kum'mawa, malo ake ndi pa mphambano ya Petauke. Wopita ku Lusaka aime pamalo athyathyathya asanayambe kutsetserekera ku mlatho wa Luangwa.